Kuika magiredi pa ndalama zachitsulo zamakono

Kuika magiredi pa ndalama zachitsulo, kapena kuti makobidi, ndi ntchito imene makampani apadera amagwira poyesa khobidi, kutsimikiza kuti si lachinyengo, kulipatsa nambala yosonyeza mmene lasungikira, kenako n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki koonekera mkati. Ntchitoyi inayambira ku United States ndipo amalipira ndi mwini khobidilo. Poyamba inkachitika makamaka pa makobidi akale osowa, koma masiku ano makobidi ambirimbiri ongotuluka kumene m'fakitale amatumizidwanso kukayesedwa. Anthu osonkhanitsa makobidi amasiyana maganizo ngati kuchita zimenezi kuli ndi phindu. Phindu la ndalama limakhalapo pokhapokha mtengo umene giredi yawonjezera pa khobidi ukaposa zonse zimene mwiniwake walipira, ndipo pa makobidi ambiri amakono sizikhala choncho.

Mbiri

Mu 1949, William H. Sheldon anatulutsa buku lotchedwa Early American Cents, momwe anafotokoza sikelo ya manambala kuyambira 1 mpaka 70 yoyezera makobidi akale amkuwa a ku America. Cholinga chake chinali kugwirizanitsa nambala ndi mtengo, kotero kuti khobidi la giredi 70 lizigulidwa pa mtengo wochuluka ka 70 kuposa la giredi 1. Kawerengedwe ka mtengoko kanasiya kugwira ntchito, koma sikeloyo inatsala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 bungwe la American Numismatic Association linaitenga kuti izigwira ntchito pa makobidi onse a dzikolo.

Pa nthawiyo wamalonda aliyense ankadziikira yekha giredi. Zinali zofala kuti khobidi limodzi lomwelo lizitchulidwa lotsika pogula koma lapamwamba pogulitsa. Mu 1972 bungwe lija linakhazikitsa ANACS kuti izisiyanitsa makobidi enieni ndi achinyengo, ndipo patapita zaka inayambanso kuika magiredi. Kampani ya PCGS inayamba mu 1986 ku California, ndipo NGC inayamba mu 1987 ku New Jersey. Panopa likulu la NGC lili ku Sarasota, m'chigawo cha Florida. Makampani awiriwa ndi amene anatchukitsa kabokosi kotsekeratu, komwe m'Chingerezi amati slab. Chifukwa cha kabokosika, anthu anayamba kugulana makobidi asanawaone ndi maso, pongodalira nambala yolembedwa. Makampaniwa anatsegulanso maofesi kunja kwa America: NGC ili ku London, Munich, Hong Kong ndi Shanghai, pamene PCGS ili ku Paris, Hong Kong ndi Shanghai.

Tanthauzo la manambala

Manambala oyambira 1 mpaka 58 ndi a makobidi amene anayendapo m'manja mwa anthu n'kuperepeseka. Oyambira 60 mpaka 70 ndi a makobidi amene sanagwirepo ntchito, ndipo patsogolo pa nambalayo amalembapo MS. Makobidi osulidwa mwapadera kuti azinyezimira ngati galasi, otchedwa proof, amalembedwa PF ku NGC ndi PR ku PCGS. Malinga ndi NGC, giredi 70 imaperekedwa kwa khobidi lomwe silioneka chilema chilichonse chobwera pambuyo posulidwa ngakhale ataliyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu kasanu. Khobidi la giredi 69 limakhala ndi kachilema kakang'ono kwambiri, moti munthu wamba sangalisiyanitse ndi la 70.

Pa makobidi a ku America, mawu akuti "amakono" kawirikawiri amatanthauza opangidwa kuyambira 1965, chaka chimene dzikolo linachotsa siliva m'makobidi a masenti 10 ndi masenti 25.

Mmene ntchitoyi imayendera ndi zolipira zake

Munthu amatumiza makobidi kudzera kwa wamalonda wovomerezeka, kapena amakhala membala wa kampaniyo n'kutumiza yekha. Akatswiri oposa mmodzi amaona khobidi lililonse asanagwirizane za giredi. Pakabokosi amamatapo pepala lokhala ndi dzina la khobidi, chaka, giredi ndi nambala imene aliyense angathe kuifufuza pa intaneti. Makampani akuluakulu amalonjeza kubweza ndalama, motsatira malamulo awo, ngati khobidi lomwe anavomereza lipezeka kuti ndi lachinyengo. Khobidi lomwe linatsukidwa, kupukutidwa ndi mankhwala kapena kukandika kwambiri silipatsidwa nambala. Amangolemba kuti ndi lenileni koma lili ndi vuto, ndipo mwiniwake amalipirabe.

Zolipira zimakhala zingapo: mtengo woyesera khobidi lililonse, mtengo wolandirira katundu yense, ndalama ya umembala ya pachaka, ndalama zotumizira popita ndi pobwera, komanso inshuwalansi. Wofuna pepala lapadera kapena kuti akatswiri atsimikize mtundu wosowa wa khobidi amawonjezeranso. Wokhala kutali ndi maofesi a makampaniwa amalipira zambiri potumiza, ndipo nthawi zina amakumana ndi msonkho wa pamalire.

Amalonda akuluakulu salipira mofanana ndi munthu wamba. Iwo amatumiza makobidi mazana kapena masauzande nthawi imodzi pa mtengo wotsika, ndipo akhoza kulamula kuti m'timabokosi mulowe okhawo amene afika giredi inayake. N'chifukwa chake nthawi zambiri kugula khobidi loyesedwa kale kumatchipa kusiyana ndi kugula losayesedwa n'kulitumiza wekha.

Vuto la giredi 69 ndi 70

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi American Silver Eagle, khobidi la siliva lolemera magalamu 31.1 lomwe linayamba kupangidwa mu 1986. Mu 2015 mokha anagulitsidwa okwana 47 miliyoni. Makobidiwa sayenda pamsika ngati ndalama wamba. Amachoka ku fakitale atalongedzedwa 20 m'kachubu kamodzi, 500 m'bokosi limodzi, choncho ochuluka kwambiri mwa amene amatumizidwa kukayesedwa amapeza 69 kapena 70. Popeza a giredi 69 ndi ambiri, mtengo wawo umangoposa pang'ono wa khobidi losayesedwa. Phindu lonse limadalira kupeza 70.

Masamu otsatirawa ndi ongoyerekeza, si mitengo ya pamsika. Munthu wagula makobidi 10 pa madola 35 lililonse, ndipo kuyesa ndi kutumiza kwamudyera madola 25 pa khobidi. Zonse pamodzi waononga madola 600. Ngati la giredi 69 likugulidwa madola 40 ndipo la 70 madola 75, makobidi anayi a 70 ndi asanu ndi limodzi a 69 amubweretsera madola 540, kutanthauza kuti waluza madola 60. Kuti angobweza zimene analowetsa, pamafunika kuti makobidi asanu ndi limodzi apeze 70, ndipo apa sanachotserepo gawo limene okushoni kapena msika wa pa intaneti umadula pogulitsa.

Chinthu china ndi chakuti chiwerengero cha makobidi a giredi 70 chimangokwera. PCGS ndi NGC amasindikiza ndandanda yosonyeza kuchuluka kwa makobidi amene apeza giredi iliyonse. Khobidi lakale losowa silingachuluke, koma khobidi lamakono likakwera mtengo, anthu amene anasunga ofanana nalo amathamangira kukayesetsa, ndipo mtengo umatsika. Zimenezi zinachitika ndi Silver Eagle ya proof ya 1995 yokhala ndi chilembo W, yomwe anapanga 30,125 okha. Mu 2013 limodzi la giredi 70 linagulidwa pa madola oposa 86,000, pa nthawi imene ofanana nalo anali ochepa kwambiri. Ena ambiri atapeza giredi yomweyo, mtengo unatsika kwambiri, ngakhale kuti khobidili likadali lodula.

Ku South Africa kunachitika zofanana ndi khobidi la R5 la 2008 lokumbukira kuti Nelson Mandela wakwanitsa zaka 90. Anapanga pafupifupi 22 miliyoni, koma ena oyesedwa ndi kutsekeredwa m'timabokosi ankatsatsidwa pa mitengo yokwera kwambiri ngati njira yosungira chuma. South African Reserve Bank yakhala ikufotokoza kuti makobidi okumbukira zinthu omwe amayenda pamsika mtengo wake ndi womwe walembedwapo. Kabokosi kamatsimikiza mmene khobidi lilili, koma sikasandutsa khobidi lofala kukhala losowa.

Pamene giredi imathandiza

Pali magulu a makobidi amakono amene kuwayesetsa kumakhala kwanzeru. Gulu loyamba ndi la makobidi olakwika posula kapena osiyana pang'ono ndi anzawo. Zitsanzo ndi senti ya 1969 yokhala ndi chilembo S yomwe zilembo zake zimaoneka pawiri, khobidi la masenti 10 la 1982 lopanda chilembo P, ndi khobidi la masenti 25 la Wisconsin la 2004 lomwe pa chimanga chake pali tsamba lowonjezera. Pa makobidi otere wogula amafuna umboni wakuti cholakwikacho chinachokeradi ku fakitale, osati kuti wina anachita kupanga.

Gulu lachiwiri ndi la makobidi opangidwa ochepa omwe anthu achinyengo amakonda kukopera. Ku Britain, 50p ya Kew Gardens ya 2009 anapanga 210,000 okha, ndipo abodza ake ndi ofala pamisika ya pa intaneti. Apa chimene wogula amalipirira kwenikweni ndi chitsimikizo, osati nambala.

Gulu lachitatu ndi la makobidi wamba opangidwira kugulira zinthu. Amenewa amagundanagundana m'makina ndi m'matumba asanatuluke n'komwe, choncho kupeza lopanda chipsera n'kovuta ngakhale anapangidwa mamiliyoni. Khobidi lotere likafika giredi yomwe anzake ochepa okha anafikapo, limatha kugulidwa modula, makamaka ndi anthu amene amapikisana pa intaneti kuti aone yemwe ali ndi gulu la makobidi la magiredi apamwamba. Komabe likaperewera ndi nambala imodzi yokha, mtengo wake umatha kuchepera ndalama yoyesera.

Kwa munthu amene amagula siliva kapena golide pofuna chitsulocho, monga ogula Krugerrand wamba, giredi siwonjezera zambiri, chifukwa mtengo umatsatira kulemera kwa khobidi ndi mtengo wa chitsulo pa tsikulo.

Mapepala apadera

Makampani amagulitsanso mapepala okhala ndi mawu monga First Strike ku PCGS ndi Early Releases ku NGC. Mawuwa amatanthauza kuti khobidi linafika ku kampaniyo m'masiku 30 oyamba chiyambireni kugulitsidwa. Satanthauza kuti linali m'gulu loyamba kusulidwa. United States Mint inafotokoza kuti siisunga ndondomeko ya mmene makobidi otere anatsatirana posulidwa, ndipo ambiri amapangidwa kudakali milungu kuti ayambe kugulitsidwa. Palinso mapepala osainidwa ndi anthu otchuka. Pa zonsezi, chosowa chimakhala pepala, pamene khobidi ndi lofanana ndi ena onse.

Zodandaula zina

Giredi ndi maganizo a akatswiri, osati muyeso wa makina. Khobidi limodzi likhoza kupeza 69 lero n'kupeza 70 likatumizidwanso, ndipo anthu ena amaswa kabokosi n'kutumizanso khobidi kangapo pofuna nambala yokwera. Izi zimachititsa kuti ndandanda za makampani ziwerenge khobidi limodzi kawiri kapena katatu. Makobidi a siliva amathanso kutuluka timadontho toyera ngati mkaka ali kale m'kabokosi, ndipo ogula amawakana ngakhale pepala likunena 70. Royal Canadian Mint inayamba mu 2018 kugwiritsa ntchito njira yotchedwa MintShield pofuna kuchepetsa vutoli. Achinyengo nawonso amapanga timabokosi tabodza, n'chifukwa chake ogula amafufuza nambala ndi chithunzi cha khobidi pa tsamba la kampani asanalipire.

Zifukwa zosakhudza phindu

Si onse amene amayesetsa makobidi pofuna kugulitsa. Kabokosi kamateteza khobidi ku zala ndi kukandika, kamathandiza polembetsa inshuwalansi, ndiponso kamapeputsa ntchito ya achibale olandira chuma cha masiye omwe sadziwa za makobidi. Ena amangokonda kuona makobidi awo ali m'timabokosi tofanana. Kwa ongofuna chitetezo, pali timakapusolo ta pulasitiki totchipa kwambiri tomwe munthu amatsekera yekha kunyumba. Osonkhanitsa odziwa amayamba afufuza mitengo yomwe khobidi lofanana linagulidwadi pa giredi yomwe akuyembekeza ndi pa giredi yotsatira m'munsi mwake, ndipo amatumiza ngati sangaluze kwambiri likabwera ndi yotsikayo.