Misonkho ing'onoing'ono: Mozambique ndi Malawi

M'mabuku a chuma cha boma, "misonkho ina" ndi ija yosakhala ya malipiro, ya malonda, kapena ya katundu wodutsa pachipata, monga msonkho wa munthu payekha ndi wa zidindo.

Ku Domwe, m'boma la Angónia ku Mozambique pafupi ndi malire a Dedza, msonkho wotere unali goli lenileni m'nthawi ya atsamunda. Apwitikizi ankatolera msonkho wotchedwa mussoco, Angerezi ku Nyasaland ankatolera msonkho wa nyumba, ndipo mabanja ambiri ankaoloka malire pothawa msonkho ndi chibalo. Mozambique italandira ufulu mu 1975 inakhazikitsa msonkho wotchedwa Imposto de Reconstrução Nacional, pamene Malawi inathetsa msonkho wa munthu payekha m'zaka za m'ma 1990.

Kuyerekeza maiko awiriwa n'kofuna diso. Mu 2006 Mozambique inasintha ndalama, mametikali 1,000 akale n'kukhala metikali imodzi, nayonso kwacha yagwa kangapo. Chaka cha boma ku Mozambique chimayamba mu Januwale, ku Malawi mu Epulo. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ana gawo la misonkhoyi pa ndalama zonse zolowa m'thumba la boma, ndipo lero gawolo n'lochepa mbali zonse ziwiri.