Zambezia: Munda Waukulu Wosakhutitsa Olima

Kutsidya kwa Muloza, kuseri kwa phiri la Mulanje, kuli Milange, ndipo kuyambira pamenepo mpaka kunyanja yamchere ya Indian Ocean ndi chigawo chimodzi cha Mozambique chotchedwa Zambezia. Kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 100,000, kutsala pang'ono kufanana ndi Malawi yense, ndipo kalembera wa 2017 anapezako anthu oposa 5 miliyoni, chiwerengero chimene chinaposedwa ndi Nampula yekha. Mvula imagwa yokwanira, mitsinje ya Zambezi ndi Licungo siphwa, m'madambo a kugombe muli mpunga, ndipo ku Gurúè, m'tsinde mwa phiri la Namuli lotalika mamita 2,419, kuli tiyi. Komabe nthawi iliyonse akamawerenga osauka, Zambezia sichoka m'gulu la zigawo zosaukitsitsa. Vuto silili m'nthaka. Chigawochi anachikonza kuti zokolola zizitsikira kudoko, phindu lake lizikadyedwa kutali, ndipo makonzedwe amenewo adakalipobe.

Vasco da Gama anaima pa mtsinje wa Quelimane mu 1498. Patapita zaka, mfumu ya Apwitikizi inayamba kugawira anthu ake malo akuluakulu otchedwa prazo, ndipo eni malowo ankasunga asilikali awoawo, n'kumakhometsa anthu msonkho ngati mafumu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, katundu wamkulu wa pa doko la Quelimane anali anthu, otengedwa ukapolo kupita ku Brazil. Malonda amenewo atatha, malo omwewo anagwa m'manja mwa makampani: Companhia da Zambézia, Boror ndi Madal anadzala kokonati m'minda imene inkawerengedwa pakati pa yaikulu kwambiri padziko lonse, pamene Sena Sugar Estates inalima nzimbe ku Luabo. Munthu ankalipira msonkho wa mussoco ndi thukuta lake m'munda wa kampani, ndipo wozemba ankagwidwa chibalo. Umboni wa kuwawa kwake tili nawo kwathu konkuno. Alomwe ambiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ndi zidzukulu za anthu amene anasamuka kumeneko, n'kulolera thangata la m'maesiteti a Nyasaland. Munthu wosankha thangata ndiye kuti kumene wachokera kunali moto.

Ngakhale njira zimene atsamunda anasiya zikunena zomwezo. Njanji ya chigawochi inali yaifupi, yochoka ku Mocuba n'kukathera kudoko la Quelimane, osalumikizana ndi njanji ina iliyonse. Chinde, pamathiriro a Zambezi, anatchuka kuyambira 1891 chifukwa Angelezi ankatsitsirapo katundu wa ku Nyasaland asanamukweze sitima za pa Zambezi ndi Shire, koma njanji yochokera ku Beira itatsegulidwa mu 1922 tauniyo inazilala. Mlatho wa msewu waukulu wolumikiza Zambezia ndi kumwera kwa dzikolo unatsegulidwa ku Caia mu 2009. Kufikira chaka chimenecho malole ankagona pamzere kudikira pantoni.

Ena anena kuti kuloza atsamunda n'kuthawa nkhani, popeza dzikolo linalandira ufulu mu 1975 ndipo chimene chinagwetsa Zambezia ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Mfundoyi ndi yolemera. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo inavuta kwambiri kumeneko, mafakitale a tiyi ndi shuga anaima, ndipo anthu a m'chigawochi anali ambiri mwa othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi amene Malawi anasunga mpaka mtendere wa 1992. Koma nkhondo inagwetsa mafakitale a eni ake. Sinalande mlimi sukulu, msika kapena msewu wabwino, chifukwa zambiri mwa izo sanakhalepo nazo. Enanso aloza nyengo, ndipo n'zoona kuti madzi a Licungo anadula mlatho wa ku Mocuba mu January 2015, kuti namondwe Freddy anatulukira pafupi ndi Quelimane mu March 2023 asanasakaze kumwera kwa Malawi, ndiponso kuti matenda osandutsa masamba kukhala achikasu apha mitengo yambirimbiri ya kokonati. Tsoka lotere limagwera aliyense, koma limasiya chilonda chosapola pamene banja lilibe nkhokwe ina yotsamira, ndipo mlatho umodzi ukaduka theka la dziko limasowa podutsa.

Masiku ano kampani yasanduka wogula wokhala ndi sikelo pambali pa msewu. Mlimi wa ku Milange kapena ku Mocuba ali ndi munda wake, palibe womugwira chibalo, ndipo kumeneku n'kusintha kwenikweni kosafunika kukuchepetsa. Koma nandolo amene amalima amachoka wosakonzedwa kupita ku India, mtengo wake n'kumagamulidwa komweko. India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake mu 2017, mitengo inagwa mpaka alimi ena anangosiya mbewuyo m'munda osakolola.