Pusi wa pa tcheni: mmene mwambo wosunga nyama zakutchire unalowera mu Blantyre

Lero za mtengo wa feteleza tiziike pambali kaye. Ndikufuna tikambirane za mauthenga amene akumafika m'mafoni mwa anyamata athu kuno, oti ukapeza kamwana ka pusi undisungire, kapena ana akufuna fulu ubwere naye Loweruka. Chilakolako chosunga nyama yachilendo pakhomo chili ndi mbiri yake mumzinda wathuwu, ndipo mukaitsata bwino muona kuti kuyambira kale wosenza katundu wake amakhala munthu wakumudzi.

Tiyambire kwa makolo athu. Iwo ankaweta nkhuku, mbuzi, nkhunda ndi agalu osakira. Mnyamata akatola mazira a nkhanga kutchire ankaikira nkhuku kuti ifungatire, ndipo umo ndi mmene nkhanga zinkalowera pakhomo. Koma nyama yolusa kapena yoyenda usiku inali ndi malo ake. Munthu akamveka kuti akusunga fisi, kadzidzi kapena njoka m'nyumba, imeneyo inali nkhani ya ufiti ndipo inkathera kubwalo kwa amfumu. Chikopa cha kambuku chinali cha mfumu, ndipo agogo ankatiuza kuti ngakhale ngaka ukaipeza sumabisa, umapita nayo kwa eni dziko. Nanga pusi ndi nyani? Amenewo anali adani a chimanga, ana ankachezera kumunda kuwapirikitsa. Zomumanga tcheni m'chiuno n'kumamupatsa nthochi pakhonde palibe ankazilota.

Zinthu zinasintha azungu atakhazikika kuno kumapiri. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, kampani ya African Lakes inafika mu 1878, ndipo nyumba yawo ya Mandala, imene ilipo mpaka lero, inamangidwa mu 1882. Harry Johnston, amene anakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda mu 1891, ankakonda nyama kwabasi, moti pakhomo pake ku Zomba ankasungapo nyama zakutchire ndi mbalame zosiyanasiyana. Anali ndi katswiri wake, Alexander Whyte, amene ntchito yake inali yosonkhanitsa zomera, mbalame ndi nyama n'kumatumiza ku London. M'zaka zomwezo, mu 1894, kambalame kathu kobiriwira ka mutu wofiirira kamene kamakhala m'mitengo ya tsanya ku Liwonde kanapatsidwa dzina la mayi wachingerezi, Lilian Sclater. Mpaka pano kunja amakatchula ndi dzina limenelo, ndipo ena amakaweta m'zikwere.

Tsono dzifunseni, ankakwera mumtengo kukatapa ana a mbalame ndani? Ankatchera msampha ndani? Anali makolo athu, pofuna kakobiri kolipirira msonkho wa nyumba. Chodabwitsa n'chakuti boma lomwelo linayamba kutsekera anthu akuda tchire. Mu 1897 dambo la Elephant Marsh kuchigwa cha Shire linalengezedwa kukhala malo otetezera nyama, ndipo malamulo otsatira anapitiriza kuletsa usaki wa makolo, wa maukonde ndi mbuna. Bwana wokhala ndi chiphaso ankatha kusunga gwape kuseri kwa nyumba, pamene wakumudzi akapezeka ndi gwape yemweyo ankatchedwa wakuba nyama.

Njanji itafika mu 1908 ndipo kampani ya fodya ya Imperial Tobacco itamanga fakitale ku Limbe, azungu ndi amwenye anachuluka, nyumba za mipanda zinachulukanso. Agogo anga aamuna anagwirako ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina ku Limbe komweko, ndipo ankakonda kutisimbira za pusi amene anali pakhomopo. Ali kamwana ankagona m'nyumba, dona akumumwetsa mkaka. Atakula n'kuyamba kuluma alendo, anamusamutsira kumtengo wa mango, tcheni m'chiuno. Wotola zonyansa zake, wolumidwa pomupatsa chakudya, anali agogo. Bwanayo atabwerera kwawo anasiya pusi pamtengo pomwepo ngati mpando wakutha.

Titalandira ufulu mu 1964, nyumba zija zinayamba kulowa m'manja mwa Amalawi, ndipo pamodzi ndi kapinga ndi maluwa tinatengeranso maganizo oti pakhomo pa munthu wolemera pazioneka chinthu chimene anzake alibe. Kwa wina ndi pikoko, mbalame yochokera ku India. Kwa wina ndi chinkhwe chotuwa cholankhula chija, chimene kwawo ndi nkhalango za ku Congo ndi kuzambwe kwa Africa, kuno sichipezeka m'tchire. Kwa amene thumba ndi lochepa, ndi kapusi kogula m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa kapena wa ku Chikwawa. Boma nalo silinagone. Mu 1973 linakhazikitsa nthambi yoona za nyama zakutchire, phiri la Michiru linayamba kutetezedwa mu 1975, ndipo mu 1992 kunabwera lamulo lalikulu loteteza nyama ndi nkhalango zake.

Kuti nkhani ikhale yachilungamo, nditchuleko malonda ena amene anayenda mwadongosolo. Tinsomba ta mbuna, tamitundumitundu ta m'miyala ya m'nyanja yathu, timawetedwa m'magalasi a madzi m'nyumba za ku Germany, America ndi Japan. Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima kwa zaka zoposa 30 mpaka anamwalira mu 2007, ali ndi chilolezo cha boma, ndipo analemba ntchito anyamata odziwa kumira. Onani kusiyana kwake: pamenepo panali chiphaso, panali odziwa kasamalidwe kake, ndipo nsombazo zimaswana bwino m'magalasimo. Kapusi ka m'thumba la saka kalibe chilichonse mwa zimenezi.

Ine ndine mlimi, ndiye ndilankhule ngati woweta. Chiweto chilichonse usanachitenge umafunsa kuti chidya chiyani, chigona pati, chikhala zaka zingati, chikadwala upita nacho kwa yani. Kamwana ka pusi sikachoka pamimba pa mayi ake mwaufulu. Kawirikawiri kuti kafike m'manja mwanu, mayi ake aphedwa ndi agalu kapena msampha. Pusi ndi nyama yoyenda pagulu ndipo atha kukhala zaka zoposa 20. Akafika zaka zinayi kapena zisanu mano amakula, mtima umasintha, ndipo woyamba kulumidwa amakhala mwana wa m'nyumba kapena mtsikana wantchito. Chinkhwe chotuwa chimafika zaka 40 kapena kuposa, ndipo chikamangokhala chokha m'chikwere chimayamba kudzizula nthenga. Fulu safuna nsima ndi makombo a ndiwo. Amafuna dzuwa, udzu, masamba ndi dothi lokumba, ndipo pasimenti ya pakhonde amafooka pang'onopang'ono anthu osazindikira, poti iye salira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso matenda. Inu a mu Blantyre mukukumbukira mmene chiwewe chinavutitsira ana amene ankafika nacho kuchipatala cha Gulupu, mpaka mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba katemera wa khomo ndi khomo ndipo chaka chimenecho linabaya agalu oposa 35,000. Galu ndi mphaka ali ndi ndondomeko yawo ya katemera. Nanga nyama imene mwabisa kuseri kwa nyumba, akaionere ndani, poti mukuopa kuti a boma adziwa?

Mapeto a nyama zoterezi amaoneka ku Lilongwe Wildlife Centre, imene inatsegulidwa mu 2007. Apusi ndi anyani ambiri amene amafika kumeneko ndi olandidwa kwa ogulitsa m'misewu kapena otopetsa eni ake m'makomo. Zimatenga nthawi yaitali kuwaphunzitsanso kukhala pagulu asanakawatulutse ku nkhalango ngati ya Kasungu, ndipo ena sabwereranso kutchire mpaka imfa. Malo omwewo analandira Bella, mkango waukazi wa diso limodzi wochokera kumalo oonetsera nyama ku Romania, mu 2009. Eti mkango wa ku Ulaya kudzapumira ku Malawi kuno! Ngakhale kwa azungu komwe kunachokera mwambowu, zinawakanika.

Tsopano gwirani apa, makamaka inu anyamata. Lamulo lija linakhwimitsidwa mu 2017. Kupezeka ndi nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pa nyama za m'gulu lotetezedwa kwambiri monga ngaka, chilango chitha kufika zaka 30 kundende popanda mwayi wolipira chindapusa. Chinkhwe chotuwa nacho mayiko anagwirizana ku Johannesburg mu 2016 kuti chogwidwa kutchire chisamagulitsidwenso kudutsa malire. Pa rodibuloko wapolisi safunsa kuti anakutuma ndani. Amagwira amene thumba lili pamiyendo pake. Wotuma ali phee kumpanda, iwe uli ku Chichiri, munda wako ukumera thengo, mkazi ndi ana akupempha ufa kwa anansi. Ndi nkhani yomwe ija ya nthawi ya atsamunda, kungoti lero wotumayo ndi malume ako.

Achimwene ndi achemwali a m'tauni, ngati ana akufuna kanyama koti azisewera nako, zachilendo zovomerezeka tili nazo kale ndipo ifeyo timazidziwa. Mbira zimene timaweta kukhitchini kwawo ndi ku South America, ndipo ku Ulaya ana amazisunga ngati abwenzi osazidya n'komwe. Nkhukundembo zinachokera ku Mexico. Akalulu oweta, nkhunda ndi nkhanga zoswedwa pakhomo nazo zimakwana m'khola laling'ono kuseri kwa nyumba ku Chirimba kapena ku Machinjiri. Zimenezo titumeni, tibweretsa masanasana pa minibasi, ndipo tikuuzani kadyetsedwe kake. Akafuna kuona apusi, atengereni ku Michiru Loweruka akawaone akudumpha m'mitengo ndi amayi awo.

Amene mwana wake walandira uthenga wotere, muwerengereni izi madzulo ano. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tionana ndikamaliza kupalira.