Ulendo wa Patrick Awuah: Kuchokera ku Microsoft Kukafika ku Berekuso

M'chaka cha 1997, mnyamata wina wa ku Ghana, Patrick Awuah, adasiya ntchito ku kampani ya Microsoft ku America. Nthawi imeneyo kampaniyi inkakula ngati moto wolusa m'chilimwe, ndipo antchito ambiri amene adali ndi masheya m'kampaniyo adali atalemera. Akulu akale adati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nanga n'chifukwa chiyani munthu wazaka 32 adataya fodya wa pamphuno?

Awuah adabadwa mu 1965 ndipo adakulira mumzinda wa Accra. Adaphunzira pa sukulu ya Achimota pa nthawi imene dziko la Ghana lidali pamavuto. Asilikali motsogozedwa ndi Jerry Rawlings adalanda boma pa 31 Disembala 1981, ndipo mu 1983 kudagwa chilala ndi njala yoopsa. Mu 1985 Awuah adapeza mwayi wokaphunzira pa koleji ya Swarthmore ku America, kumene adachita maphunziro a uinjiniya ndi za chuma. Kumeneko adaona kaphunzitsidwe kachilendo. Kwawo mwana wanzeru adali woloweza bwino zonena za mphunzitsi, pamene ku Swarthmore wophunzira ankayenera kufunsa, kutsutsa ndi kupereka zifukwa za ganizo lake.

Atamaliza mu 1989, adalembedwa ntchito ku Microsoft, ndipo kwa zaka 8 adagwira ntchito yokonza mapulogalamu a kompyuta ndi kutsogolera magulu a akatswiri anzake. Adakwatira n'kukhazikika konko. Koma zinthu ziwiri zidamusowetsa mtendere. Choyamba chidali kuphana kwa anthu ku Rwanda mu 1994, komanso momwe azungu ankanenera za Africa ngati dera lopanda tsogolo. Chachiwiri chidali kubadwa kwa mwana wake woyamba. Iye adazindikira kuti mwanayo adzayendabe ndi dzina la Africa kulikonse kumene adzapite, likhale dzina labwino kapena loipa.

Poyamba adaganiza zokatsegula kampani ya mapulogalamu a kompyuta kwawo. Atafufuza, adapeza kuti ophunzira ambiri a kompyuta m'mayunivesite ankaphunzira zonse papepala ndi kuloweza, osayeserera mokwanira pa makina enieni. Kampani ya mtunduwu imafuna anthu otha kuthetsa vuto limene sadalionepo, ndipo anthu otere adali osowa. Apa m'pamene maganizo ake adatembenuka: m'malo momanga kampani imodzi, kudali bwino kumanga sukulu yosula anthu amene adzayambitse makampani ambiri ndi kuwayendetsa mokhulupirika.

Safunsa adadya phula. Awuah sadathamangire kukagula njerwa. Adayamba wapita ku sukulu ya zamalonda ya Haas pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo mu 1998 adapita ku Ghana ndi ophunzira anzake kukafufuza ngati makolo angalipire sukulu yotere komanso ngati olemba ntchito angaifune. Ndalama zoyambira zidachokera m'thumba mwake ndi kwa anthu akufuna kwabwino, ambiri mwa iwo anzake a ku Microsoft.

Mu Malichi 2002, yunivesite ya Ashesi idatsegulidwa m'nyumba yalendi ku Labone, mumzinda wa Accra, ndi ophunzira 30 okha. Dzinali limatanthauza chiyambi m'chinenero cha Akan. Ophunzirawo ankasankha za malonda kapena za kompyuta, koma aliyense ankayenera kuphunziranso kulemba, masamu, za chikhalidwe cha Africa ndi utsogoleri, ndi kugwirako ntchito yothandiza anthu m'madera ozungulira.

Kodi bizinesi ingaphunzitsidwe m'kalasi? Ambiri amati ndi mphatso yobadwa nayo. Yankho la Ashesi lidali lakuti zimene zingaphunzitsidwe ndi zizolowezi ziwiri. Choyamba ndi kuyang'ana vuto ngati poyambira ntchito. Sukuluyi idakhazikitsa phunziro limene ophunzira a chaka choyamba amagawidwa m'magulu, n'kupita kukacheza ndi anthu, kupeza chimene chikuwavuta, kupanga chinthu choyeserera, kenaka kuyesa kuchigulitsa. Gulu likalephera, limafotokoza chimene chidalakwika, ndipo kufotokozako ndi gawo la phunziro.

Chizolowezi chachiwiri ndi kukhulupirika. Mu 2008, patatha mkangano wautali pakati pawo, ophunzira adavomereza pangano lolemba mayeso popanda wowayang'anira, aliyense akulonjeza kusabera komanso kuulula wobera. Wina angafunse kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi malonda. Wamalonda aliyense amadziwa kuti ngongole, oda ndi mgwirizano zimayenda pa chikhulupiriro. Kumene anthu sakhulupirirana, mwini bizinesi amalemba ntchito achibale okhaokha, amasunga yekha makiyi, ndipo bizinesiyo siikula kupitirira pamene maso ake afika.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mu 2011 sukuluyi idasamukira kumalo akeake pa phiri la ku Berekuso, kunja kwa Accra. Mu 2015 idayamba maphunziro a uinjiniya, ndipo chaka chomwecho Awuah adalandira mphoto ya MacArthur. Mu 2017 adalandiranso mphoto ya WISE ya zamaphunziro ku Qatar, ndipo mu 2018 boma la Ghana lidapatsa Ashesi chilolezo chopereka madigiri akeake.

Tisabise kuti njirayi ili ndi minga. Fizi ya sukulu yotere ndi yokwera, moti ana a anthu osauka amafikako kudzera m'thandizo la mabungwe monga Mastercard Foundation. Komanso si aliyense wosiya ntchito amene ali ndi anzake olemera omugwira mkono. Komabe mbiriyi ikutiphunzitsa kuti chuma chenicheni chimene Awuah adatuluka nacho ku Microsoft sichidali masheya okha. Adatulukako ndi chizolowezi chofufuza asanayambe kanthu, kuyamba pang'ono, ndi kukhulupirira achinyamata powapatsa udindo. Zimenezi ndi zomwe adakazipereka kwa ophunzira 30 aja m'nyumba yalendi ku Labone.