Za boma zilibe mwini?

Mumsewu umene ndimakhala ku Umbilo, mumzinda wa Durban, muli nyumba yakale ya njerwa zofiira, ya denga la malata ndi khonde lozungulira mbali zitatu. Mawindo ake anakhomedwa matabwa, ndipo pakona ina ya denga pamera kamtengo. Pageti pali kanyumba ka mlonda, kongokwana mpando umodzi ndi ketulo. Mlondayo ndi bambo wachikulire wochokera ku Mangochi. Tinadziwana tsiku lina atandimva ndikuyankhula Chichewa pafoni.

"Bambo, kodi nyumbayi mwini wake ndani?" ndinawafunsa madzulo ena.

"Ndi ya boma, mwana wanga. Simudziwa kuti za boma zilibe mwini?" Anaseka, kenaka n'kuwonjezera: "Tikumva kuti akufuna kuigulitsa. Koma akuti woigulayo sadzaloledwa kuigwetsa, ngakhale kugumula khondeli. Nanga munthu angagule bwanji mbuzi imene sangaiphe?"

Funso lawolo landizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo mawu a m'malamulo ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku. Bungwe limene limateteza nyumba zakale m'chigawo cha KwaZulu-Natal limadziwika ndi dzina loti Amafa. M'Chizulu, "ifa" ndi chimene munthu amasiyiridwa ndi makolo ake. Zikachuluka ndi "amafa". Kwathu timati cholowa. Ndipo aliyense amene anaonapo mkangano wa chuma cha masiye akudziwa kuti pa cholowa funso loyamba silikhala la mtengo wake ayi. Limakhala loti: olowa ndani, ndipo anawafunsa?

Lamulo lake si lovuta kumva. Gawo 34 la National Heritage Resources Act ya 1999 limati nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 singagwetsedwe kapena kusinthidwa popanda chilolezo. KwaZulu-Natal ili ndi lamulo lakelake, limene linakonzedwanso mu 2018, ndipo malire a zaka 60 omwewo alimo. Chitetezochi chimakhala pa nyumbayo, osati pa mwini wake. Ikagulitsidwa chimapita nayo limodzi. Komanso malirewo amasuntha chaka ndi chaka. Nyumba yomangidwa mu 1964, chaka chimene dziko la Malawi linalandira ufulu, inalowa m'chitetezochi mu 2024 popanda wina kuinenerera.

Ku Umbilo, zimenezi zikutanthauza kuti misewu yathunthu ndi yotetezedwa. Derali ndi lakale. Dzina lake ndi la mtsinje wa Umbilo. Pafupi pomwepa, ku Congella, asilikali a Britain anamenyana ndi Maburu mu May 1842. M'mbali mwa mtsinjewo Amwenye obwera kudzalima nzimbe anamanga kachisi wawo mu 1875, ndipo madzi osefukira anamuwononga mu 1905. Chipatala cha King Edward VIII chinatsegulidwa mu 1936, ndipo pambali pake pali sukulu ya madokotala imene Steve Biko anayamba kuphunzirako mu 1966. Lamulo la Group Areas Act la 1950 litabwera, nyumba za makonde zimenezi zinakhala za azungu, ambiri a iwo antchito wamba a kudoko, kunjanji ndi m'mafakitale. Munthu wakuda ankalowa pa chipata cha kuseri ndi kugona m'kachipinda ka kumbuyo. Lero m'nyumba zomwezo mukukhala ophunzira, Azulu, anthu a ku Congo, a ku Zimbabwe ndi ife Amalawi, nthawi zambiri banja lonse m'chipinda chimodzi. Lamulo limateteza khonde ndi mawindo. Za amene ankaloledwa kukhala pakhondepo ndi amene ankangolikolopa, makomawo sanena kanthu.

Nkhaniyi sinandiyambire ku Durban. Ndinakulira ku Zomba, ndipo nyumba ya boma yoyamba imene ndinaiona ikusintha manja ili m'munsi mwa phiri, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Ndi Masongola. John Buchanan anaimanga mu 1886 kuti mukhale kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes. Dzinalo anaipatsa ndi anthu akumeneko poona nsanja zake zosongoka. Mu 1891, dziko lathu litalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, Harry Johnston anakhala m'nyumbamo n'kumalamulira ali momwemo. Ndi m'zaka zimenezo pamene azungu a minda anapatsidwa zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zowatsimikizira umwini wa malo aakulu a ku mapiri a Shire, ndiponso pamene msonkho wa nyumba unakhazikitsidwa. Mwini nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja ndiye anagamula kuti mwini nyumba ya udzu azilipira chifukwa chokhala ndi pogona. Thangata amene John Chilembwe anadzalimbana naye mu 1915 anamera pa zikalata ndi msonkho umenewu.

Bwanamkubwa atasamukira ku nyumba yatsopano, imene lero ndi State House ya ku Zomba, Masongola inatsalabe m'manja mwa boma, ndipo pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti Government Hostel, malo ogona alendo a boma. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, dziko linalowa m'nyengo yochotsa katundu m'manja mwa boma, ndipo lamulo loyendetsera ntchitoyo linakhazikitsidwa mu 1996. Nyumba ya Hawes ndi Johnston inasanduka Hotel Masongola, yoyendetsedwa ndi amalonda.

Ndili wamng'ono ndinkadutsa pamenepo popita ku munda wa maluwa wa m'mbali mwa Mulunguzi. Kusukulu tinaloweza dzina la Johnston ndi chaka cha 1891 kuti tikhoze mayeso, koma palibe anatitenga kukaona chipinda chimene munthuyo ankagonamo, ngakhale chinali pamtunda woyenda wapansi. Ndinalowamo koyamba ndili wamkulu kale, nditayamba kulandira malipiro, chifukwa ndinali ndi ndalama yogulira chakumwa. Nyumbayo inalipo, nsanja zake zili chiimire. Chimene ndinazindikira tsiku limenelo n'chakuti cholowa changa ndinachipeza ngati kasitomala.

Sindikunena kuti kunali bwino boma likanangoisunga. Ndaona zimene zimachitikira nyumba yakale ikakhala ya aliyense koma yopanda woisesa. Kuno ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, kuli chipatala cha ana cha Addington, chimene chinatsegulidwa mu 1931. Boma la tsankho linachitseka mu 1984, ndipo chinakhala chotseka kwa zaka zoposa 25, mphepo ya mchere ikudya zitsulo, mvula ikulowa padenga, mbava zikuzula chilichonse chozulika. Palibe analemba kalata yopempha kuchigwetsa, choncho palibe chilolezo chimene chinakanidwa. Chinkangogwa chokha pang'onopang'ono, mpaka pamene bungwe la KwaZulu-Natal Children's Hospital Trust linayamba kuchikonzanso mogwirizana ndi boma la chigawo. Apa ndi pamene lamulo la zaka 60 limafookera: limaletsa nyundo, koma chiswe ndi mvula sizipempha chilolezo. Nyumba ya mumsewu mwathu ija ikugwetsedwa kale, kungoti wogwetsayo saoneka.

Komanso kugulitsa kuli ndi mafunso ake amene ndalama siyankha. Ku Cape Town, boma la chigawo cha Western Cape linagwirizana zogulitsa malo a sukulu yakale ya Tafelberg ku Sea Point pa mtengo wa R135 miliyoni. Magulu a Reclaim the City ndi Ndifuna Ukwazi anakana, ponena kuti malo a boma a pakati pa mzinda ayenera kukhala pogona anthu osauka amene tsankho linawakankhira kutali. Khoti lalikulu linathetsa malondawo mu August 2020. Khoti la apilo linasintha chigamulocho mu 2024. Mlanduwu unaonetsa kuti katundu wa boma akagulitsidwa, chimene chimachoka si njerwa zokha. Umachokanso mwayi woti mawa anthu adzanene chimene akufuna kuchita ndi malowo. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye tichite chiyani ndi mbuzi ya bambo aja, imene woigula sangaiphe? Yankho langa ndalipeza m'ntchito yanga. Womasulira amaphunzira msanga kuti m'pangano, chimene sichinalembedwe kulibe. Lamulo lomwe lija la 1999, m'gawo 42, limalola kuti bungwe loteteza cholowa lipangane ndi mwini nyumba, ndipo panganolo lingamange ngakhale amene adzagule pambuyo pake. Mungalembedwe za kasamalidwe ka nyumbayo, komanso za mmene anthu wamba angaloledwere kulowamo. Chida chilipo. Nthawi yabwino yochigwiritsa ntchito ndi pamene boma lidakali mwini, chikalata chisanasainidwe, chifukwa wogulitsa ndiye amaika mfundo.

Ndikanakhala ine wolemba pangano lotero, kaya la nyumba ya ku Umbilo kaya la ina ya ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Karonga, ndikanaikamo zinthu zitatu. Choyamba, nthawi yoikika yokonzera denga, ndipo wolephera abweze nyumbayo, kuti pasakhale wogula n'cholinga chodikira kuti igwe yokha atenge malo. Chachiwiri, chitseko: masiku odziwika pachaka pamene ana asukulu ndi munthu aliyense angalowe osalipira, osagula kanthu. Chachitatu, mbiri yolembedwa pakhoma m'ziyankhulo za anthu a pamalopo, yonena za onse amene anakhalamo, kuphatikizapo oumba njerwa, ophika ndi ogona m'kachipinda ka kumbuyo. Pa Masongola, chikwangwani chotero chiyenera kutchula msonkho wa nyumba m'Chichewa ndi m'Chiyao, pamalo poti woperekera zakudya ndi mlendo onse awerenge.

Ena adzati mfundo zimenezi zitsitsa mtengo. N'zoona, ziutsitsa. Koma kutsikako ndi mtengo wa gawo limene sitinagulitse. Kumudzi, mwinimbumba akhoza kubwereketsa munda wa makolo, koma manda ndi njira yopita kumandako sizilowa m'malondawo, ndipo wobwerekayo amadziwa zimenezi asanagwire khasu.

Palinso china chimene mawu athu amatikumbutsa. M'Chichewa, "boma" ndi ulamuliro, komanso ndi malo: timati tikupita ku boma, kutanthauza kuja kuli nyumba zakale za DC, khoti ndi polisi. Mawuwa anabwera kuchokera ku Chiswahili, kumene amatanthauza linga, mpanda wotchinga. Makolo athu anaudziwa ulamuliro watsopanowo ngati mpanda umene iwo anali kunja kwake. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero timati za boma zilibe mwini: sitinazionepo ngati zathu. Tinalandira makiyi mu 1964, anzathu a kuno mu 1994, koma mtima woimirira kunja kwa geti sunatichoke. Nyumba zimenezi zikamagulitsidwa timangomva mphekesera, ngati zikugulitsidwa za eni.

Sabata yatha ndinadutsanso pa nyumba ija. Kunali kutagwa mvula usiku wonse, ndipo bambo aja anali atayanika jekete lawo pa mpanda. Kanyumba kawo kamadontha. Ndinawafunsa chifukwa chimene sabisalira pakhonde mvula ikamagwa, popeza mbali ina denga lake lidakali lolimba.

"Sindiloledwa kukwera masitepewo," anatero. "Ntchito yanga imathera pageti."

Alonda nyumbayo zaka zitatu, ndipo mkati mwake sanalowemo. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene anaimanga. Ndinawalonjeza kuti ndikafufuza ku nyumba yosungira zikalata zakale, ndipo ndikapeza ndidzawawerengera m'Chichewa.