Mayeso a Ciphaso ca Udokotala: Nthawi Yoyamba Kukonzekela

Digili ya udokotala payokha siimpatsa munthu ufulu wogwila nchito m'cipatala. Dziko lililonse lili ndi bungwe limene limalembetsa madokotala, ndipo amene anaphunzila kunja kwa dzikolo nthawi zambili amayamba alemba mayeso. Nkhaniyi ikhudza mabanja a ku Chiparamba, ku Chipata ndi madela ena a cigawo ca kum'mawa amene amagulitsa ng'ombe, fodya ndi nshawa kuti mwana aphunzile udokotala ku China, ku Russia kapena ku India. Ikhudzanso ophunzila a muno m'Zambia amene afuna kukagwila nchito kunja. Nthawi yoyamba kukonzekela imadalila mayeso amene munthu afuna kulemba, koma palibe mayeso amene kukonzekela kwake kuyenela kudikila tsiku lolandila digili.

Asanalipile ndalama ya sukulu

Kukonzekela koyamba ndi kwa mapepala. Wophunzila ndi makolo ake ayenela kutsimikiza kuti sukulu imene asankha ndi yovomelezeka, ndiponso kuti dzina lake lili m'kaundula wa masukulu a udokotala wochedwa World Directory of Medical Schools. Ngati sukulu siyovomelezeka, munthu angathe zaka zisanu ndi cimodzi akuphunzila, n'kukanizidwa kulemba mayeso pamapeto pake. Mapepala onse a zotsatila ayenela kusungidwa caka ndi caka. Kufunika kwake kunaoneka mu 2022, pamene nkhondo ya ku Ukraine inacititsa ophunzila a ku Zambia kubwelela kwao maphunzilo ali pakati.

Obwelela kudzagwila nchito ku Zambia

Bungwe lolembetsa madokotala muno ndi Health Professions Council of Zambia, kapena kuti HPCZ, limene linalowa m'malo mwa Medical Council of Zambia potsatila lamulo la mu 2009. Amene anaphunzila kunja amapeleka digili yao ku Zambia Qualifications Authority kuti itsimikizidwe, kenako amalemba mayeso a HPCZ, ndipo akapambana amayamba kugwila nchito moyang'anilidwa ndi madokotala akuluakulu.

Kwa ophunzila otelewa, nthawi yabwino yoyamba ndi caka cimene ayamba kuona odwala m'mawodi, zaka ziwili kapena zitatu asanamalize. Cifukwa cake n'cakuti matenda amene dokotala amakumana nao tsiku ndi tsiku kuno, monga malungo, cifuwa cacikulu, likodzo, HIV ndi kunyentchela kwa ana, ena mwa iwo saoneka kawilikawili m'zipatala za ku Russia kapena ku China. Wophunzila ayenela kuwelenga malangizo a Unduna wa Zaumoyo okhudza kaciza ka matendawa. Pa chuti, angapemphe cilolezo coonelela nchito pa zipatala monga Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete. Kumeneko amaphunzilanso kufunsa wodwala m'cinenelo cake, luso limene sangalipeze ku sukulu yakunja.

Ofuna kupita ku America

Mayeso a ku America amachedwa USMLE, ndipo munthu angayambe kuwalemba akali pa sukulu. Gawo loyamba, Step 1, limatenga maola 8 ndipo limafunsa za kapangidwe ka thupi, kagwilidwe kake ka nchito, tizilombo toyambitsa matenda ndi mankhwala. Wophunzila amaloledwa kulilemba akamaliza zaka ziwili za maphunzilo amenewa. Conco kukonzekela kuyenela kuyendela pamodzi ndi maphunzilowo, zinthu zikali m'mutu.

Kuyambila mu January 2022, zotsatila za Step 1 zimangoonetsa kuti munthu wapambana kapena walephela. Izi zinawonjezela kulemela kwa Step 2 CK, imene ikali ndi mamalikisi, ndipo ndi bwino kuilemba munthu atadutsa m'mawodi onse akuluakulu. Bungwe la ECFMG, limene limatsimikiza madokotala ocokela kunja, limafuna kuti mayeso ake athe mkati mwa zaka 7 kucokela pa tsiku lopambana oyamba. Gawo lililonse munthu angaliyese kanai cabe. Kulemba msanga popanda kukonzeka kumaononga mwai ndi ndalama.

Ofuna kupita ku Britain

Mayeso a PLAB, amene amayendetsedwa ndi General Medical Council, amalembedwa munthu atamaliza digili. PLAB 1 ili ndi mafunso 180 oyankha m'maola atatu. PLAB 2 imayesa luso losamalila wodwala ndipo imacitikila ku Manchester. Kuwelenga kungayambe m'caka comaliza ca sukulu. Koma mayeso a Cingelezi, IELTS kapena OET, sayenela kulembedwa msanga, cifukwa zotsatila zake zimagwila nchito kwa zaka ziwili cabe. Wopambana PLAB 2 alinso ndi zaka ziwili zoti alembetse.

Mu 2023, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito a zaumoyo ocepa kwambili. Potsatila zimenezi, malamulo a ku Britain saloleza olemba nchito kubwela kudzakopa madokotala kuno, ngakhale kuti dokotala angafunsile nchito payekha.

Cofunika kukumbukila

Malamulo a mayesowa ndi ndalama zolipila zimasintha. Wophunzila ayenela kumaona zimene HPCZ, ECFMG ndi General Medical Council alengeza caka ciliconse. Banja nalonso liyenela kuika padela ndalama za mayeso, za kutsimikiza mapepala ndi za ulendo sukulu isanathe, cifukwa dokotala wopanda ciphaso saloledwa kuciza wodwala, ngakhale pa kiliniki ya kwao ku Chiparamba.