Mbiri ya kuyezedwa kwa galimoto zakale zochokera kunja

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya dziko lino zinayamba zagwirapo ntchito m'maiko ena, makamaka ku Japan ndi ku Britain, kumene galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu monga momwe zilili kuno. Zambiri mwa izo zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga, pomwe zina zimadzera ku Durban kapena ku Beira.

Kwa wogwira ntchito m'boma amene watenga ngongole ya zaka zingapo, kapena amene waononga ndalama zake zopumira pa ntchito, kugula galimoto yotere si nkhani yamasewera, poti kawirikawiri amalipira asanaione ndi maso. Chimodzi mwa zinthu zimene zingamuthandize kudziwa ngati galimotoyo ndi yodalirika ndi mbiri ya momwe yakhala ikuyezedwera m'dziko limene ikuchokera.

Kayezedwe ka ku Britain

Dziko la Britain linayamba kuyeza galimoto m'chaka cha 1960, pa nthawi imene Ernest Marples anali nduna ya zamtengatenga. Kuyezaku kumatchedwa MOT, potengera dzina la unduna umene unakuyambitsa. Poyamba ankayeza galimoto zokhazo zimene zakwanitsa zaka 10, ndipo ankangoona mabuleki, nyali ndi chiwongolero. Pofika m'chaka cha 1967, zakazi zinali zitatsitsidwa kufika pa 3. Lero ku England, Scotland ndi Wales galimoto imayezedwa koyamba ikakwanitsa zaka 3, kenako chaka ndi chaka, pomwe ku Northern Ireland imayamba ikakwanitsa zaka 4.

Kuwonjezera pa zinthu zitatu zija, oyeza amaonanso matayala, malamba, galasi lakutsogolo, mashoko ndi masipuling'i, utsi komanso kulimba kwa thunthu la galimoto. Mizere ya tayala siyenera kuchepera mamilimita 1.6. Pafupifupi galimoto 3 mwa 10 zilizonse zimalephera zikayezedwa ulendo woyamba, ndipo zifukwa zimene zimachuluka ndi nyali, mashoko ndi masipuling'i, mabuleki komanso matayala.

Kuyambira m'chaka cha 2005, zotsatira za kuyezaku zimasungidwa pa kompyuta. Munthu aliyense amene akudziwa nambala ya ku Britain ya galimoto angathe kuona mwaulere pa intaneti, pa tsamba la boma la dzikolo, tsiku limene inayezedwa, ngati inakhoza kapena inalephera, mtunda umene inali itayenda, ndi zolakwika zimene zinapezeka. Ntchitoyi imayang'aniridwa ndi bungwe la DVSA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2014. Kuyambira mwezi wa May 2018, zolakwika zimaikidwa m'magulu atatu: zoopsa, zazikulu ndi zazing'ono. Magulu awiri oyambawo amalepheretsa galimoto. Palinso machenjezo, omwe woyeza amalemba pa zinthu zimene zayamba kutha koma sizinafike polepheretsa galimoto.

Kayezedwe ka ku Japan

Ku Japan kuyeza galimoto kumatchedwa shaken, ndipo kumachitika potsatira lamulo la m'chaka cha 1951. Galimoto ya munthu wamba imayezedwa ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse. Pa nthawiyo mwini wake amalipiranso msonkho wotengera kulemera kwa galimoto ndi inshuwalansi yokakamizidwa. Msonkho umakwera galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13. Kukwera mtengo kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a ku Japan amagulitsira galimoto zimene zikadali zolimba.

Pali zikalata ziwiri zimene wogula ayenera kufunsa. Choyamba ndi chiphaso chotulutsira galimoto m'dzikomo, chomwe chimasonyeza nambala ya chasisi, chaka chimene galimoto inalembetsedwa koyamba, ndiponso mtunda umene unalembedwa pa maulendo omaliza amene inayezedwa. Chachiwiri ndi pepala la ku okushoni, ngati galimotoyo inadzera kumeneko. Pa pepalali galimoto imapatsidwa giredi, monga 3.5, 4 kapena 4.5, pomwe chilembo cha R chimatanthauza kuti inakonzedwapo thunthu, kawirikawiri itachita ngozi.

Momwe mbiriyi imawerengedwera

Chinthu choyamba kuona ndi mtunda. Manambala ayenera kukwera chaka ndi chaka. Mwachitsanzo, ngati mbiri ikusonyeza kuti galimoto inali itayenda makilomita 140,000 zaka ziwiri zapitazo, koma lero ikuonetsa makilomita 85,000, ndiye kuti wina anabweza manambalawo kapena chipangizo chowerengera mtunda chinasinthidwa, ndipo wogulitsa ayenera kufotokoza. Nkofunikanso kukumbukira kuti ku Britain amawerengera m'mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.6, kotero galimoto yoonetsa 100,000 yayenda makilomita oposa 160,000.

Chachiwiri ndi machenjezo obwerezabwereza. Kulephera kamodzi kaamba ka babu lakupsa si vuto lodetsa nkhawa. Koma chenjezo la mafuta odontha kapena mapaipi a mabuleki odyeka likamaonekera zaka zitatu zotsatizana, zimasonyeza kuti mwini galimotoyo ankangokonza zokhazo zimene lamulo lamukakamiza. Munthu wotere ndi wokayikitsa ngati ankasintha oyilo pa nthawi yake.

Chachitatu ndi dzimbiri. Ku Britain ndi kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu nyengo yozizira pofuna kusungunula madzi oundana. Mcherewo umadya zitsulo za kunsi kwa galimoto, kumene zithunzi za otsatsa malonda sizionetsa. Matayala ndi mabuleki angathe kusinthidwa pa mtengo wodziwika, koma dzimbiri limene lalowa m'chasisi kapena m'malo amene mashoko amamangiriridwa limavuta kulithetsa, ndipo m'misewu ya zigwembe ndi yafumbi chitsulo chofookacho sichichedwa kuthyoka.

Chachinayi ndi zaka zimene zikusowa m'mbiri. Galimoto ya ku Britain imene sinayezedwe kwa zaka ziwiri kapena zitatu iyenera kuti inaimikidwa, mwina kaamba ka ngozi kapena kuwonongeka kwa injini. Kuima nthawi yaitali nakonso kumaumitsa malabala ndi kugwiritsa mabuleki. Choncho mtunda wochepa pa galimoto ya zaka 15 suli umboni wokwanira woti ili bwino.

Zimene kuyezaku sikunena

Cholinga cha kuyeza ndi kuona ngati galimoto ili yosaika miyoyo pa chiswe pa tsiku limene ikuyezedwalo. Oyeza samasula chipangizo chilichonse. Ku Britain boma limanena poyera kuti MOT siona momwe injini, kilachi ndi giyabokosi zilili mkati. Komatu zimenezi ndi zimene zimadya ndalama zambiri zikawonongeka.

Pa chifukwa ichi, mbiri ya kuyezedwa iyenera kuyendera limodzi ndi buku la sevisi kapena malisiti a ku galaja. M'menemo ndi momwe mumaoneka ngati lamba wa taiming'i anasinthidwa. Pa injini zambiri zokhala ndi lambayu, opanga amalangiza kuti asinthidwe galimoto ikayenda makilomita pafupifupi 100,000, ndipo pa injini zina lambayu akaduka amawononga mavavu. M'menemonso ndi momwe mumaoneka ngati mafuta a giyabokosi ya mtundu wa CVT, yomwe ili m'galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan, ankasinthidwa moyenera. Kwa galimoto zoyendera petulo ndi magetsi pamodzi, mphamvu ya batire lalikulu imayezedwa padera ndi kompyuta.

Pali galimoto zinanso zimene opanga anaziitanitsa kuti zikakonzedwe. Nkhani yaikulu ndi ya matumba a mpweya otetezera pa ngozi opangidwa ndi kampani ya Takata, omwe ena ankaphulika ndi kumwaza tizitsulo. Vutoli linakhudza galimoto mamiliyoni ambiri za makampani monga Honda, Toyota, Nissan ndi Mazda, ndipo kampani ya Takata inagwa m'chaka cha 2017. Nambala ya chasisi imathandiza kufufuza kwa opanga ngati galimoto inakonzedwa.

Galimoto ikafika m'dziko muno

Kuno kwathu, galimoto iyenera kukhala ndi chiphaso cha COF, malingana ndi lamulo la zapamsewu la m'chaka cha 1997. Ntchito yoyeza ndi kulembetsa galimoto imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe imasunga zolembedwa zake pa makina a MalTIS. Msonkho umene bungwe la MRA limatolera pa galimoto yolowa m'dziko muno umatengera zaka zake ndi kukula kwa injini, kotero wogula ayenera kuwerengera msonkhowo asanakopeke ndi mtengo wotsika wa kunja.

Chiphaso cha COF, monganso cha MOT ndi shaken, chimangotsimikiza za tsiku loyezera. Amene akugula galimoto imene yayendapo kale m'dziko muno ayenera kufananiza nambala ya chasisi ya pa galimoto ndi imene ili pa zikalata za umwini, kufunsa chiphaso chimene inatulukira nacho ku Japan kapena nambala yake yakale ya ku Britain, ndi kuitana makaniko wodalirika amene sali kumbali ya wogulitsa kuti aikweze m'mwamba, aone kunsi kwake ndi kuiyendetsa injini itazizira komanso itatentha. Wogulitsa akakana kuonetsa zikalatazi kapena kulola kuti galimoto iyezedwe, ndi bwino kuti ndalama zisaperekedwe.